Dengu la Mlungu ndi Mlungu: Kugulitsa Ndiwo Zamasamba mwa Pangano

Mlimi wa dimba amene amapita ndi repu kapena matimati ku msika wa Soweto amalidziwa vutoli: katundu akachuluka tsiku limenelo mtengo umagwa, ndipo masamba sadikira mawa. Phunziro lino likufotokoza njira ina, yopangana ndi mabanja a m'tauni, monga a ku Chilenje, Kabwata kapena Woodlands, kuti azilipiriratu ndalama za mwezi wathunthu, mlimi n'kumawaperekera dengu la ndiwo mlungu uliwonse.

Chiyambi chake

Njirayi inakula ku Japan m'zaka za m'ma 1970, pamene mabanja a m'mizinda, poopa mankhwala m'zakudya, anayamba kupangana ndi alimi mwachindunji. Kumeneko amaitcha teikei. Ku America minda yoyamba yotere inayamba mu 1986. Kuno ku Lusaka chifukwa china n'chakuti, chibukire kolera mu Okutobala 2023, ogula ambiri amafuna kudziwa madzi amene anathirira ndi kutsukira ndiwo zawo. Mlimi wodziwika dzina ndi munda wake angathe kuyankha funso limeneli.

Werengani musanalonjeze

Chimene wogula amalipira ndi chitsimikizo chakuti dengu lifika pa tsiku lake. Tiyerekeze kuti mwapangana ndi mabanja 20, ndipo banja lililonse lizilandira mitolo itatu ya masamba. Ndiye kuti pakufunika mitolo 60 mlungu uliwonse, osadumphitsa. Yambani mwawerenga mitolo imene bedi limodzi limatulutsa m'dimba mwanu, kenaka muone mabanja amene mungawakwanitse. Ndi bwino kuyamba ndi mabanja ochepa kusiyana ndi kukapepesa pakhomo pa munthu amene analipira kale.

Fesani mosiyanitsa masiku

Wofesa mbewu zonse tsiku limodzi amakololanso zonse nthawi imodzi, kenaka n'kukhala chimanjamanja. Fesani nazale yaing'ono milungu iwiri iliyonse. Repu amakhala pa nazale pafupifupi milungu inayi, ndipo amayamba kuthyoledwa patapita milungu itatu kapena inayi chimuokereni. Kabichi ndi matimati zimafuna pafupifupi miyezi itatu kuchokera pa kuokera, pamene anyezi amachedwa koposa. Lembani m'buku tsiku limene mbewu ikufunika m'dengu, ndipo muwerenge chobwerera m'mbuyo kuti mupeze tsiku lofesa.

Dengu litsatirenso nyengo. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, repu, chayinizi, kabichi ndi karoti zimakula bwino. M'dzinja matimati amavutika ndi matenda a masamba, choncho dalirani chibwabwa, kalembula, bondwe, delele ndi impwa. Auzeni ogula zimenezi pangano lisanayambe.

Dimba la pakhomo si mdani wanu

Mabanja ambiri a ku Chilenje ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, kapena masamba obzala m'matumba. Koma malo ndi ochepa, ndipo madzi a m'mpopi ndi olipira. Banja lotere lingathe kudzilimira repu ndi anyezi wa masamba, koma kabichi, karoti, maungu ndi matimati okwanira mwezi wonse lidzafunabe kwa inu. Funsani chimene ali nacho kale, musawabweretsere chomwecho. Mungathenso kuwagulitsa mbande ndi manyowa owola bwino.

Pangano lilembedwe

Pa pepala paoneke tsiku ndi malo olandirira dengu, mtengo wa mwezi, ndi njira yolipirira, kaya pamanja kaya pa foni. Kusonkhanitsa madengu onse pamalo amodzi m'dera kumachepetsa ndalama zoyendera. Mulembenso chimene chidzachitike mbewu zikalephera. Chilala cha 2024, chimene boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinaonetsa kuti chitsime chingaphwe. Pa nthawi yotere mlimi adziwitse ogula msanga, ndipo abweze ndalama kapena awonjezere milungu, monga mwa pangano.

Ntchito yoti muchite

1. Werengani mitolo imene bedi limodzi la repu likukupatsani pa milungu inayi yotsatizana.
2. Lembani ndondomeko ya kufesa ya miyezi itatu yokwanira mabanja 10.
3. Bweretsani zonsezi pa msonkhano wotsatira kuti tidzaziunike limodzi.