Galu Wophwisa ndi Wotsegula M'mimba: Yambani Mwaona Chakudya Chake

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziroli muzitha:
1. kufotokoza kumene mpweya wa m'mimba mwa galu umachokera;
2. kutchula zakudya zimene zimasokoneza m'mimba mwa galu;
3. kuyesa pakhomo panu kuti mupeze chakudya chimene chikumuvuta galu wanu;
4. kuzindikira zizindikiro zofunika kuitana mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Chifukwa chiyani tikukambirana za galu?

Galu ndiye mlonda wa khola la mbuzi, nkhokwe ndi dimba. Koma pa ziweto zonse za pakhomo, iye ndi amene nthawi zambiri sakhala ndi chakudya chakechake. Amadikira mkute ndi ndiwo zotsala, zikasowa amakatola kudzala. Akamaphwisa kwambiri timangoseka n'kumuthamangitsa pakhonde. Komatu mpweya wochuluka, mimba yolira ndi chimbudzi chamadzimadzi zimasonyeza kuti chakudya china chikudutsa m'matumbo osagayika. Chakudya chimenecho chapita pachabe, galu akuwonda, ndipo galu wofooka salondera usiku. Ngati gwero la vutoli ndi njoka za m'mimba, ana anu ndi mbuzi zanu ali pachiopsezo nawonso.

Mpweya umachokera kuti?

Kuphwisa mwa apo ndi apo si matenda. Galu aliyense amatulutsa mpweya, ndipo umachokera kuwiri.

Koyamba ndi mpweya womeza. Galu wanjala kwambiri, kapena amene akulimbirana mbale imodzi ndi anzake, amameza chakudya mothamanga osatafuna, ndipo mpweya umalowera limodzi.

Kwachiwiri ndi m'matumbo aakulu. Chakudya chimayenera kugayika ndi kulowa m'thupi chikadali m'matumbo aang'ono. Chimene chalephera kugayika chimapitirira mpaka m'matumbo aakulu, mmene muli mabakiteriya ambiri. Mabakiteriyawa amachisasitsa monga mmene thobwa limasasira, ndipo posasapo pamatuluka mpweya. Fungo ngati la dzira lovunda limabwera makamaka galu akadya nyama yambiri, mazira kapena kabichi, chifukwa zakudyazi zili ndi mchere wina wotchedwa sulphur.

Matumbo a galu ndi aafupi poyerekeza ndi a mbuzi kapena ng'ombe. N'chifukwa chake gaga wosaphika amene mbuzi imagaya bwinobwino, galu amamutulutsa wambiri osagayika.

Zakudya zimene zimabweretsa mpweya ndi kutsegula m'mimba

Nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama. Zili ndi mtundu wa shuga umene thupi la galu siligaya, choncho wonse umakasasa m'matumbo aakulu. Ngati mukumupatsa, zinyikeni usiku wonse, tayani madziwo, phikani mpaka zipse kwambiri, ndipo mupatseni pang'ono.

Soya. Ali ndi zomanga thupi zambiri, koma wosaphika amalepheretsa thupi kugaya zomanga thupizo. Muzikazinga kapena kuwiritsa soya bwinobwino musanagayitse, monga mumachitira pokonza chakudya cha nkhuku ndi nkhumba.

Mkaka wa ng'ombe. Agalu ambiri akaleka kuyamwa mphamvu yogaya shuga wa mumkaka imachepa. Mbale yodzaza mkaka ikhoza kumutsegula m'mimba tsiku lomwelo.

Gaga ndi ufa wosapsa. Phala la galu lizipsa ngati la munthu. Kungothira madzi ozizira mu gaga si kuphika.

Mafuta ambiri. Msuzi wa nyama ya nkhumba, zikopa za nkhuku ndi mafuta otsala pokazinga zimasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Samalani pa nthawi ya ukwati, Khirisimasi ndi zochitika zina, pamene galu wozolowera nsima amalandira zonona zambiri tsiku limodzi.

Zowola ndi zakudzala. Ndiwo zosasa, nkhuku yofa yokha ndi nsomba yovunda zimakhala ndi tizilombo toyambitsa matenda.

Izi musamupatse n'komwe

• Chimanga kapena mtedza wachuku. Chuku chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Zimene mwasankhula kuti banja lisadye, galu asadyenso.
• Anyezi ndi adyo, kaya waiwisi kapena wophika. Amawononga magazi a galu. Ndiwo zotsala zikakhala ndi anyezi wambiri, mupatseni zina.
• Mafupa ophika, makamaka a nkhuku. Amasweka n'kukhala zisonga zimene zimabaya kapena kutseka matumbo.
• Chinangwa chowawa chosanyika ndi makoko ake.
• Zam'kati zaziwisi za mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe, makamaka zimene zili ndi timatumba ta madzi. Timatumbato ndi ana a njoka zazitali zaphanthiphanthi. Galu akadya, njokazo zimakulira m'matumbo mwake, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi n'kugwera pamsipu, mbuzi n'kudya. Wiritsani zam'kati zipse musanamupatse, ndipo zooneka zodwala zikwirireni mozama.

Kadyetsedwe kabwino ndi zimene muli nazo

Nsima yokha imakhutitsa koma simanga thupi. Poyambira, pa magawo atatu a mbale ya galu, awiri akhale nsima ya mgaiwa kapena phala lolimba lopsa bwino, ndipo limodzi likhale zomanga thupi monga usipa, bonya, matemba, dzira lowiritsa kapena nyama yophika. Onjezerani dzungu kapena mbatata yophika pang'ono. Nsomba zazing'ono ndi zabwino chifukwa galu amadya ndi minga yomwe, imene imalimbitsa mafupa. Zikakhala zamchere, yambani mwazinyika m'madzi. Musathire tsabola.

Tsatani malamulo awa:
• Galu wamkulu azidya kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, osati mulu umodzi waukulu. Ana agalu azidya katatu kapena kanayi.
• Galu aliyense akhale ndi mbale yake, motalikirana ndi anzake.
• Galu wodya mothamanga muyalireni chakudya m'chiwaya kapena m'thireyi yotakata kuti azitola pang'onopang'ono.
• Madzi oyera asasowe. Galu wolemera makilogalamu 15 amafuna madzi pafupifupi lita imodzi patsiku, ndipo m'chilimwe amafuna oposa apo.
• Tsukani mbale tsiku lililonse ndi kutaya zotsala.
• Galu akangodya, musapite naye kuuzimba kapena kumuthamangitsa. Apume ola limodzi kapena awiri.

Mukafuna kusintha chakudya, mwachitsanzo kuchoka ku nsima kupita ku chakudya cha agalu chogula m'sitolo, sinthani pang'onopang'ono kwa masiku 7 kuti matumbo azolowere:
Tsiku 1 ndi 2: gawo limodzi latsopano, magawo atatu akale.
Tsiku 3 ndi 4: theka latsopano, theka lakale.
Tsiku 5 ndi 6: magawo atatu atsopano, limodzi lakale.
Tsiku 7: chatsopano chokhachokha.

Pamene vuto si chakudya

Mukakonza chakudya koma vuto osatha, ganizirani njoka za m'mimba. Kamwana kagalu kokhala ndi njoka kamakhala ndi mimba yaikulu, nthiti zoonekera ndi ubweya wonyankhalala. Kwezani mlomo wa galu muone nkhama: zikakhala zoyera m'malo mofiirira, magazi achepa, ndipo kawirikawiri zimatero chifukwa cha njoka zoyamwa magazi. Tizidutswa tonga mpunga pachimbudzi kapena kunsi kwa mchira ndi chizindikiro cha njoka zazitali zija.

Ana agalu azilandira mankhwala a njoka ali ndi masabata 2, 4, 6 ndi 8, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6. Galu wamkulu azilandira miyezi itatu iliyonse. Mlingo umatengera kulemera kwa galu, choncho funsani mlangizi wa ziweto. Chotsani chimbudzi cha galu pabwalo tsiku lililonse n'kuchikwirira kapena kuchitaya m'chimbudzi chokumba, chifukwa ana osewera padothi amatha kutenga mazira a njokazi. Musachithire m'manyowa a kudimba la ndiwo zamasamba.

Chithandizo choyamba pakhomo

Izi ndi za galu wamkulu amene watsegula m'mimba pang'ono koma akuyenda, akumwa madzi, ndipo chimbudzi chake chilibe magazi.
1. Musamupatse chakudya kwa maola pafupifupi 12, koma madzi akhalepo nthawi zonse. Kamwana kagalu musakamane chakudya.
2. Kenako mupatseni phala la mpunga losakaniza ndi nkhuku yowiritsa yopanda chikopa kapena nsomba yowiritsa, popanda mafuta ndi mchere. Mupatseni pang'onopang'ono, kanayi patsiku, kwa masiku awiri kapena atatu.
3. Bwezerani chakudya chake cha masiku onse pang'onopang'ono.
4. Onani ngati madzi akutha m'thupi: tsinani chikopa cha pamapewa n'kuchisiya. Chikachedwa kubwerera, kapena nkhama zikauma n'kumamata, galu akufunika thandizo.

Musamupatse mankhwala a anthu opha ululu monga ibuprofen ndi paracetamol. Akhoza kumuwononga chifu, impso kapena chiwindi.

Zizindikiro zoopsa: itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo

• Mimba yatupa mwadzidzidzi ndipo yalimba ngati ng'oma, galu akuyesa kusanza koma sipakutuluka kanthu, akusowa mtendere. Chifu chikhoza kukhala kuti chadzaza mpweya n'kupotoka. Zimachitika kwambiri kwa agalu aakulu a chifuwa chozama monga German Shepherd, ndipo galu amafa m'maola ochepa akapanda kuchitidwa opaleshoni.
• Chimbudzi chamagazi kapena chakuda bii ngati phula.
• Kamwana kagalu kakusanza, kakutsegula zamagazi zonunkha kwambiri ndipo kakukana kudya. Akhoza kukhala matenda a parvo, amene amagwira kwambiri ana agalu a masabata 6 mpaka miyezi 6 osalandira katemera. Kapatuleni kwa anzake. Katemera wake amayamba pa masabata 6 mpaka 8.
• Kusanza kosalekeza, mpaka madzi omwe osakhazikika.
• Dovu lambiri, kunjenjemera ndi kutsegula m'mimba mwadzidzidzi. Ganizirani poizoni wa makoswe kapena mankhwala a mbewu, ndipo tengani paketi yake popita kwa mlangizi.
• Kutsegula m'mimba kopitirira masiku awiri, kapena kuwonda galu akudya bwino.

Chenjezo: galu amene akuchucha dovu, akulephera kumeza, ndipo khalidwe lake lasintha, musamupise dzanja m'kamwa poganiza kuti watsamwa ndi fupa. Chikhoza kukhala chiwewe. Mutsekereni kutali ndi ana ndi ziweto, ndipo dziwitsani mlangizi. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Galu aliyense azibayitsa katemera wa chiwewe chaka chilichonse.

Ntchito ya pagulu: tiyese tione

Monga timachitira kumunda wophunzirira, tisintha chinthu chimodzi chokha n'kuona zotsatira. Gawanani m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse lisankhe galu wamkulu mmodzi amene amaphwisa kwambiri koma alibe chizindikiro choopsa. Asakhale waikazi wabere kapena woyamwitsa, ndipo ayambe walandira mankhwala a njoka.

Sabata yoyamba: musasinthe kalikonse. Tsiku lililonse lembani m'kope zimene wadya, nthawi imene wadya, ngati anapita kudzala, kuchuluka kwa mpweya (wochepa, wapakati, wambiri) ndi maonekedwe a chimbudzi (cholimba, chofewa, chamadzi).

Sabata yachiwiri: chotsani chakudya chimodzi chimene mukuchikayikira, monga nyemba kapena mkaka. Zina zonse zikhale chimodzimodzi. Pitirizani kulemba.

Sabata yachitatu: ngati zasintha, mupatseninso chakudya chija pang'ono. Vuto likabwerera, mwapeza gwero lake. Ngati sizinasinthe, chotsani china n'kuyambiranso.

Mukachotsa zakudya ziwiri nthawi imodzi simudzadziwa chimene chinali kumuvuta. Auzeninso ana ndi onse a pakhomo kuti asamuponyere zina m'masabata amenewa.

Mafunso okambirana

1. Kwanu galu amadya chiyani, kangati patsiku, ndipo amamudyetsa ndani?
2. Chimanga ndi mtedza wachuku zimene mwasankhula mumazitaya kuti?
3. Mukapha mbuzi, zam'kati zimene simudya zimapita kuti?
4. Mlangizi wa ziweto wapafupi amapezeka kuti, ndipo nambala yake ya foni ili ndi ndani m'gulu lanu?
5. Kodi gulu lingasonkhe bwanji ndalama zogulira limodzi mankhwala a njoka?

Pa msonkhano wotsatira, gulu lililonse libwere ndi kope lake ndipo lidzafotokoze zimene laona m'sabata yoyamba.