Chinchila ndi Kawetedwe Kake

Ku dziko la South America kuli mapiri aatali ndithu, dzina lake Andes. Kumeneko kuli mphepo yozizira, mvula igwa pang'ono, ndipo mitengo ili yowerengeka. M'ming'alu ya matanthwe a kumeneko mukhala kanyama kotchedwa chinchila. Anthu amati dzinali linachokera kwa mtundu wa anthu otchedwa Chincha, amene anali kuvala ubweya wake kalekale.

Chinchila ali mbale wake wa mbira ija anthu amaweta m'midzi, pakuti kwawo kwa mbirayo ndi ku mapiri omwewo. Msinkhu wake uli ngati wa kalulu wamng'ono, ndipo kulemera kwake sikufika kilogalamu imodzi. Ali ndi makutu aakulu, maso akuda, ndevu zazitali, ndi mchira wa ubweya wonga wa gologolo. Miyendo yakumbuyo ili yamphamvu, kotero kuti akhoza kudumpha kupitirira mita imodzi. Pakudya akhala tsonga, nagwira chakudya ndi timanja take takutsogolo. Usana agona, madzulo ndi mbandakucha ndipo atuluka kukafuna udzu, masamba ndi njere. Kuthengo achinchila akhala pamodzi ambiri, kuti achenjezane pakuona nkhandwe kapena kadzidzi.

Chodabwitsa cha chinchila ndicho ubweya wake. Pa khungu la munthu, kabowo kamodzi kamera tsitsi limodzi kapena awiri atatu; koma pa khungu la chinchila kabowo kamodzi kamera timaubweya toposa 50. Chifukwa chake ubweyawo uli wofewa ndi wothinana koposa. Mlengi anamveka chofunda chotere kuti asafe ndi chisanu cha kumapiri.

Koma chofunda chomwecho chinamuitanira tsoka. Amalonda a ku Europe ndi ku North America anakhumba zikopa zake, ndipo posoka malaya amodzi aakulu panafunika zikopa zoposa 100. Osaka anatchera misampha m'mapiri monse, napha achinchila osawerengeka. M'chaka cha 1910 maiko anayi, ndiwo Chile, Peru, Bolivia ndi Argentina, anapangana kuletsa kuwasaka, koma pamenepo n'kuti atatsala pang'ono kutha. Ngakhale lero akuthengo ali ochepa, ndipo ambiri a iwo apezeka m'dziko la Chile. M'chaka cha 1983 boma la Chile linapatula malo pafupi ndi mzinda wa Illapel, kuti kumeneko akhale osavutidwa ndi munthu.

Kuweta achinchila kunafala chifukwa cha munthu wina wa ku America, dzina lake Mathias Chapman, amene anali kugwira ntchito ku migodi ya mkuwa ya ku Chile. Iye anasonkhanitsa achinchila 11, natsika nawo m'phiri pang'onopang'ono kuti azolowere mpweya wa kuchidikha. M'sitima ya pamadzi anawaziziritsa ndi madzi oundana, nafika nawo ku California m'chaka cha 1923. Achinchila ambiri owetedwa m'nyumba lero ali zidzukulu za amenewo.

Tsono mwana wolandira chinchila walandira ntchito yaikulu. Kanyamaka, akakasunga bwino, kakhala ndi moyo zaka 10, kapena 15, ngakhale 20. Mwana amene akalandira ali m'kalasi yoyamba adzatsiriza sukulu kakali moyo. Ndipo popeza kali m'khola, sikangathe kudzifunira chakudya kapena kuthawa zoipa. Moyo wake wonse uli m'manja mwa mwini wake. Zoyenera kuzisamala zili zisanu.

Choyamba ndicho khola. Likhale lalikulu ndi lalitali, lomangidwa ndi waya, pakuti la mitengo yokha chinchila aliboola ndi mano. M'kati mukhale matabwa okwerapo ndi kabokosi kobisalamo usana. Khola aliike pamthunzi, pamalo ouma ndi opita mphepo, kutali ndi moto ndi dzuwa, kutalinso ndi agalu ndi amphaka. Ichi chili chachikulu ndithu, chifukwa chinchila satuluka thukuta, ndipo sangavule chofunda chake. Kutentha kukapitirira madigiri 25 ayamba kusauka. Makutu ake afiira, apuma mofulumira, nagona chammbali wopanda mphamvu. Mwini akaona chotero amchotse msanga ndi kupita naye pozizira, pakuti akachedwa adzamtaya tsiku lomwelo. Chifukwa cha ichi chinchila sayenera kuwetedwa ku dziko lotentha, ngati nyumba ilibe makina oziziritsa.

Chachiwiri ndicho chakudya. Kwawo kumapiri chinchila adya zouma ndi zolimba, ndipo mimba yake inazolowera zomwezo. Chakudya chake chenicheni ndi udzu wouma bwino, wopanda nkhungu, ndipo usasowe m'khola usana ndi usiku. Pamwamba pa udzuwo ampatse supuni imodzi kapena ziwiri za chakudya cha achinchila chogula kusitolo, ndi madzi oyera tsiku ndi tsiku. Mwana wachifundo chopanda nzeru ampatsa zipatso zotsekemera, mtedza, buledi kapena masamba aawisi ambiri. Chinchila alandira mokondwa, koma pambuyo pake mimba itupa kapena kutsegula, ndipo akhoza kufa nazo.

Chachitatu ndicho mano. Mano a munthu akakula aleka. Koma a chinchila akula masiku onse a moyo wake, akutsogolo ndi akumbuyo omwe. Kutafuna udzu ndiko kuwaperesa kuti asatalike. Afunanso timitengo touma tosapakidwa mankhwala, monga ta mtengo wa apozi, kuti aziteketa. Akasowa zimenezi mano atalika, nalasa lilime ndi masaya, ndipo chinchila aleka kudya, nayamba kukha dovu. Mano akutsogolo a chinchila wamoyo bwino ali achikasu chofiirira. Mwini asayese kuti ali akuda ndi litsiro, pakuti oyera mbee ndiwo osonyeza kudwala.

Chachinayi ndicho kusamba. Chinchila sasamba madzi. Ubweya wake ukanyowa suuma msanga chifukwa cha kuthinana, ndipo pakhungu pabuka zipere. Kwawo agubuduka m'phulusa losalala la mapiri ophulika moto, monga nkhuku ichita m'fumbi. Kotero kawiri kapena katatu pa sabata mwini aike m'khola mbale yakuya yokhala ndi fumbi lake logula, naisiye kwa mphindi 10, kenaka aichotse. Mchenga wa kudambo suyenera, chifukwa uli wokakala, ndipo uthothola ubweya ndi kupweteka maso.

Chachisanu ndicho kumgwira. Chinchila ali wamantha, ndipo akumbukira amene anamuopsa. Kuthengo kadzidzi akamgwira, iye asiya ubweya m'zikhadabo zake nathawa. Momwemonso mwana akamtsompholera adzatsala ndi ubweya m'manja, ndipo pamalopo padzakhala dazi nthawi yaitali. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wodekha ayamba ndi kukhala chete pafupi ndi khola madzulo, nalowetsa dzanja kuti chinchila alinunkhize. Patapita masiku kanyamako kadzakwera kokha pa dzanjalo. Pamenepo akanyamule ndi manja awiri, lina pachifuwa lina kumbuyo, osafinya, pakuti nthiti zake zili zazing'ono ndi zosachedwa kuthyoka. Usana asakadzutse kuti asewere nako, chifukwa imeneyo ndiyo nthawi yake yakugona.

Popeza kuthengo achinchila akhala pagulu, mmodzi yekha asungulumwa. Kuli bwino kuweta awiri ozolowerana, aakazi okhaokha kapena aamuna okhaokha. Akaika wamwamuna ndi wamkazi pamodzi, wamkaziyo akhala ndi bere masiku 111, nabala mwana mmodzi kapena awiri, nthawi zina atatu. Anawo abadwa ali ndi ubweya, maso ali openya, ndipo ayenda tsiku lomwelo. Wofuna kuwaswanitsa ayambe waganizira kumene anawo adzakhala.

Mwini wosamala achotsa zitosi ndi udzu wonyowa m'mawa uliwonse, natsuka khola lonse kamodzi pa sabata. Posesa apenyetsa ngati chinchila wadya, ndi ngati zitosi zili monga mwa masiku onse. Nyama zazing'ono zibisa matenda, chifukwa kuthengo yooneka yofooka ndiyo iyamba kugwidwa. Tero chinchila akakhala tsiku limodzi osadya, apite naye kwa dokotala wa ziweto osayembekeza mawa.

Anthu osirira chuma anatsala pang'ono kutha achinchila onse a kumapiri, ndipo mwana waulesi akhoza kupha wake wa m'khola ndi kuiwala kokha. Nyama siinena kuti ili ndi ludzu kapena kuti yatenthedwa. Mwini wake ndiye ayenera kupenya ndi kuzindikira. Lamulo limeneli lili limodzi kwa woweta chinchila, woweta mbira ndi wobusa mbuzi. Amene akhulupirika pa kanyama kakang'ono, makolo ake sadzaopa kumsiyira khola la ng'ombe.

Mafunso

1. Kodi kwawo kwa chinchila ndi kuti, ndipo kumeneko kuli kotani?
2. Chifukwa ninji achinchila akuthengo anatsala ochepa?
3. Kodi Mathias Chapman anachita chiyani m'chaka cha 1923?
4. Chifukwa ninji chinchila sasamba madzi?
5. Tchulani zizindikiro zitatu za chinchila wotenthedwa.
6. Lembani mizere isanu yofotokoza kasamalidwe ka chiweto cha kwanu.