Mnyamata wa ku Ndirande akufuna Hardbody yogona pansi

Kalata yoyamba pa pulogalamu ya pawailesi ya zagalimoto inalembedwa papepala lothothola m'kope la sukulu, ndipo woulutsa mawu anaiwerenga akudziletsa kuseka. Mwini wake ndi mnyamata wa ku Ndirande amene wakhala ku Joni zaka zingapo. Atabwerera kumudzi, bambo ake anamupatsa Nissan Hardbody ya m'ma 1990, yokoka ndi matayala akumbuyo okha, injini ikadali yamoyo. Dandaulo lake linali limodzi: galimotoyo yaima njo ngati tambala. Iye akufuna igone pansi monga ma Nissan 1400 amene ankawasirira ku Soweto Loweruka madzulo, aja oti tayala limachita kubisala m'bodi.

Makaniko wa pulogalamuyi ndi bambo wachikulire wolankhula mosathamanga, ndipo sanayambe ndi kuletsa. Anavomera kuti galimoto yotsitsidwa bwino imakhota pakona mosapendekeka kwambiri, chifukwa kulemera kwake kumakhala kwayandikira pansi. Kenako anafunsa funso limene mnyamatayo sanaliganizire.

"Achimwene, masentimita amene mukufuna kuchotsawo achokera pati? Pakati pa axle ndi chasisi pali mpata. Mpata umenewo ndi umene umameza dzenje lililonse la pamsewu. Mukaudula theka, theka la dzenjelo lizimezedwa ndi msana wanu."

Anayambira kutsogolo. Hardbody ya mtundu umenewu ilibe masipuling'i opiringizika kutsogolo. Ili ndi ndodo ziwiri zachitsulo zogona m'litali mwa chasisi, zotchedwa torsion bar, zimene zimanyamula galimoto mwa kupotoka. Hilux yakale, Isuzu KB ndi Mazda ya B-series zambiri zilinso chimodzimodzi. Kumapeto kwa ndodo iliyonse kuli bawuti yosinthira, ndipo ukaimasula galimoto imatsika. N'chifukwa chake anyamata amakonda njira imeneyi: sipanala imodzi, osagula kanthu. Vuto ndi loti munthu akaona ikutsika dzanja limakana kuleka. Amamasula mpaka mkono wa tayala kukhalira timphira toimitsira, ndipo kuyambira pamenepo galimoto imayenda ngati ngolo. Malangizo a makanikoyo anali oti ayeze ndi tepi kuchokera pakati pa tayala kufika pamlomo wa bodi mbali zonse ziwiri, amasule pang'onopang'ono galimoto ili pajeke, aiyendetse pang'ono kuti ikhazikike, ndiye ayezenso. Akatero apite ku alayimenti tsiku lomwelo, chifukwa matayala amakhala apendekera mkati ndipo amadyeka mphepete imodzi yokha.

Kumbuyo nkhani ndi ina. Papikapu zambiri zokoka ndi matayala awiri, axle imakhala pamwamba pa masipuling'i amasamba, choncho ukalowetsa chibuma chachitsulo pakati pake axle imakwera, bodi imatsika. Pa 4x4 zambiri masipuling'i ndi amene amakhala pamwamba pa axle, ndiye chibuma chomwecho chimakweza galimoto m'malo moitsitsa. Apa makanikoyo anaseka, nati munthu ayambe wagona pansi n'kuona galimoto yake asanatumize ndalama ku Joni.

Pa zibumazi anatsindika kwambiri. Chikhale chimodzi mbali iliyonse, osasanjikiza ziwiri. Chikhale chachitsulo kapena cha aluminiyamu, chokhala ndi bowo lolowamo bawuti yapakati ya sipuling'i ndi kamsonga kolowa pampando wa axle kuti axle isasunthe. Thabwa ayi, ngakhale la mlombwa. Ma U-bolt akhale atsopano ndi otalikirapo, ndipo amangidwenso galimoto ikayenda masiku angapo, popeza amamasuka zinthu zikakhazikika. Kwa galimoto yoyenda m'misewu yodzaza mahampu, iye anati masentimita 5 ndi okwanira. Ukapitirira pamenepo umafunikanso ma shock absorber aafupi, ndipo shafti yopita ku difu imayamba kunjenjemera chifukwa yapendekeka molakwika.

Pali chinanso chimene ambiri sachiona. Chibuma chikakula kwambiri pagalimoto ya marimu aang'ono, mbale imene imagwira ma U-bolt imatsika kuposa m'mphepete mwa rimu. Tayala likadali ndi mpweya palibe chovuta. Likangophulika, chimene chimayamba kugunda phula si rimu koma chitsulo chija, ndipo chitsulo chikakanda msewu chiwongolero chilibenso mawu.

Apa woulutsa mawu anafunsa ngati zotsitsa galimotozi zinayambira ku South Africa. Sizinayambire kumeneko. Mwambo wa ma lowrider unakulira ku California, makamaka pakati pa anthu ochokera ku Mexico okhala ku Los Angeles. Mu 1958 boma la California linakhazikitsa lamulo loletsa galimoto yosinthidwa kukhala ndi chiwalo chilichonse chotsika kuposa pansi pa rimu, muyeso womwe uja wa tayala lophulika. Chaka chotsatira, mu 1959, Ron Aguirre anaonetsa Corvette yake yokhala ndi mapampu a hayidiroliki, yoti ikaona apolisi imakwera, ikafika pa anzake imagona. Lamulolo linakhala zaka zoposa 60, mpaka bwanamkubwa Gavin Newsom anasainira kulichotsa mu Okutobala 2023. Mapikapu aang'ono a ku Japan monga Datsun ndi Toyota analowa m'mwambowu m'ma 1970 ndi m'ma 1980, ndipo n'chifukwa chake zida zotsitsira Hardbody sizisowa mpaka lero.

Kalata yachiwiri ndi imene inachititsa makanikoyo kusintha mawu. Bambo wina wa ku Mzuzu analemba kuti anatsitsa kale Hilux yake ndi zibuma, ndipo ikuoneka bwino ndithu. Koma chitsitsireni, akaponda buleki mwamphamvu pamsewu wonyowa, matayala akumbuyo amauma n'kuyamba kuterereka, galimoto n'kufuna kutembenuka. Wasintha kale zitsulo za buleki kawiri. Kodi walodzedwa?

"Bambo, simunalodzedwe. Mwainamiza galimotoyo, ndipo yakukhulupirirani."

Anafotokoza motere. Pikapu yopanda katundu imapepuka kumbuyo, choncho buleki yakumbuyo siyenera kugwira ndi mphamvu zake zonse. Ikasenza katundu ndiye imafuna mphamvu zambiri. Pofuna kuthana ndi zimenezi, Toyota ndi makampani ena anaika valavu pachasisi cha kumbuyo, yolumikizidwa ku axle ndi kandodo katali kopyapyala. Katundu akalemera chasisi chimatsikira ku axle, kandodo kaja kamakankha valavu, ndipo mafuta a buleki amapita kumbuyo ndi mphamvu yochulukirapo. Tsono chibuma chimachita chiyani? Chimayandikitsa axle ku chasisi, ndendende monga amachitira matumba a chimanga. Valavu imayesa kuti galimoto yadzaza pomwe m'bodi muli tayala lasipeya lokha. Ku Mzuzu, kumene mvula sichedwa kunyowetsa phula, bodza limeneli likhoza kukuponyera m'ngalande.

Mankhwala ake si odula. Polumikizira kandodoko pa axle payenera kutsitsidwa ndi muyeso womwewo umene galimoto yatsika, kenako buleki iyesedwe pamalo opanda anthu, galimoto ili yopanda katundu ndiponso ili ndi katundu. Chimene analetsa ndi chizolowezi cha m'magalaja ena chongomasula kandodoko n'kukamangirira ndi waya. Anati wochita zimenezo wangosintha bodza limodzi ndi linzake.

Funso la mnyamata wa ku Area 25 linayankhidwa mwachidule. Iye ali ndi Nissan 1400, kagalimoto kamene kanapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2008, ndipo kutsogolo kwake kuli masipuling'i opiringizika. Wowotcherera wina wamuuza kuti angowatenthetsa ndi moto wa gasi mpaka atafwamphuka. Yankho linali ayi. Moto umapha kulimba kwa chitsulocho, sipuling'i imapitiriza kutsika payokha, mbali ziwiri sizilingana, ndipo tsiku lina imathyoka. Kudula ndi kwabwinoko pang'ono poyerekeza ndi kutentha, koma sipuling'i yodulidwa imauma, ndipo ikafupika kwambiri imachoka pampando wake tayala likalendewera. Agule masipuling'i opangidwira ntchitoyo, apo ayi aisiye momwe ilili.

Nthawi itatsala pang'ono, woulutsa mawu anatulutsa kalata ya mayi wa ku Lizulu amene amapikulitsa mbatata ya kachewere. Pikapu ndi yawo, woyendetsa ndi mwana wawo, ndipo mwanayo wakhala akuwanyengerera kuti achotse tsamba limodzi la sipuling'i mbali iliyonse kuti galimoto itsike. Akuti anzake onse anatero.

Makanikoyo anachita masamu pawailesi pomwepo. Pikapu ya tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Masamba a sipuling'i anawerengedwa kuti anyamule katundu ameneyo, ndipo aliyense amene anaimapo pamsika wa Lizulu m'mawa akudziwa kuti eni galimoto sawerenga mpaka 20 n'kuleka. Ukachotsa tsamba, otsalawo amasenza zonse, amawongoka, ndipo axle imamenya chasisi pa hampu iliyonse ya pa M1. Kumunda kokatenga mbatatako ndiye kulibe phula, kuli mizere yokumbika ndi matayala a malole, pakati pali chitunda chodikira difu ndi ekizozi.

"Mayi, galimoto imeneyo ndi khasu lanu. Muwauze achimwenewo kuti akagula yawo tidzawathandiza kuitsitsa bwinobwino. Yanuyo mukapita nayo kugalaja, akaone ngati palibe tsamba losweka kale."

Woulutsa mawu anakumbutsa mnyamata wa ku Ndirande uja kuti asaiwale za alayimenti. Makanikoyo anawonjezera chimodzi nyimbo yotsekera itayamba kale kumveka: ngati kumbuyo kwatsika kuposa kutsogolo, nyali zimaloza m'mwamba n'kumathobwa oyendetsa anzake, ndiye aimike galimotoyo moyang'ana khoma usiku, azitsitse asanapite nayo kokayezetsa COF.