"Mwanenepatu, Amayi!"

Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1 panali mayi osoka zovala omwe aliyense ankangowaitana kuti mayi telala. Makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde la golosale, ndipo sukulu zikatsala pang'ono kutsegulira, mayunifolomu ankaunjikana mpaka kasitomala kusowa pokhala. Anali ndi zaka 38, ana atatu, komanso manja odula nsalu mosaphonya.

Vuto linayamba mwezi wa June. Akadzuka m'mawa zala zinkakhala zitauma gwa, osatha kufumbata ngakhale kufinya kansalu kotsukira mbale, mpaka cha m'ma 9 koloko ndi pamene zinkayamba kumasuka. Mfundo za zala zinatupa mofanana m'manja onse awiri, ndipo pamkono pamene pamakhala wotchi pankatentha. Iwo anati ndi chisanu. Chisanu chinapita, dzuwa la October linafika, zala zili chiumire.

Ku chipatala chaching'ono cha m'deralo anapeza mzere wokhota mpaka panja, wolembera mankhwala ali yekhayekha.

"Chikukuvutani n'chiyani, amayi?"

"M'thupi monsemu mukungophwanya, adokotala."

Anawayeza malungo koma sanawapeze, ndipo anawalembera panado ndi bulufeni. Atabwereranso zinali chimodzimodzi. M'buku lawo la kuchipatala munangochuluka mizere yonena za kuphwanya kwa thupi. Nthawi yonseyi manja awo ankakhala pamiyendo atafunda chitenje. Wolembera mankhwala sanapemphe kuti awaone, nawonso mayiwo sanatchule za kuuma kwa m'mawa, poganiza kuti n'zazing'ono zosayenera kutayitsa nazo nthawi munthu wotanganidwa chotere. Miyezi yofunika kwambiri pa nthenda yawo inatayikira pamenepo.

Apongozi awo sanachedwe kupeza yankho. "Munthu sangaume manja okhaokha amene amadyera. Pali wina wakutcherani, mwinatu telala wa kutsidya kwa msewuyu." Anapita nawo kwa sing'anga amene anawatema mphini pa mfundo iliyonse. Mbuzi inapita, kutupa kunatsala.

Thandizo looneka ngati lenileni linabwera ndi mlamu wawo. Anatulutsa timapiritsi toyera togula kwa mnyamata wina amene ankayala mankhwala pa lona tsiku la msika, pafupi ndi ogulitsa sopo ndi mabatire.

"Alamu, awa ndiye ake enieni a nyamakazi. Tiwiri m'mawa basi. Mudzandiuza nokha."

Patangopita masiku awiri mayi telala anadzuka zala zili zofewa. Anamanga okha duku, anatunga madzi, ndipo sabata yomweyo anamaliza madiresi a chinkhoswe amene anali atawakanika kwa mwezi wathunthu. Ndani akanawauza kuti asiye?

Timapiritsito tinali prednisolone, wa m'gulu la mankhwala otchedwa steroid. Mphamvu yake si yabodza, ndipo mayi telala sanali oyamba kuzizwa nayo. Mu September 1948, ku Mayo Clinic m'dziko la America, dokotala Philip Hench anapereka cortisone, kholo la mankhwala amenewa, kwa mayi wa zaka 29 amene nyamakazi inali itamugoneka pabedi. M'masiku ochepa mayiyo anadzuka n'kuyenda. Mbiri inawanda dziko lonse, ndipo mu 1950 Hench analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein. Koma madokotala sanachedwe kuona mbali inayo. Odwala akamwa mankhwalawa ochuluka kwa nthawi yaitali ankatupa nkhope ndi kudwala zina zatsopano, ndipo akasiya, nyamakazi inkabwerera. Kuchokera pamenepo lamulo lake linakhala lakuti mlingo uchepe, nthawi ichepe, dokotala aziyang'anira. Mnyamata wa pa lona sankalidziwa lamuloli. Ngakhale akanalidziwa, phindu lake linali pa kasitomala wobwera sabata iliyonse.

Miyezi ikudutsa, tiwiri tinasiya kukwanira. Anayamba kumwa tinayi, masiku ena tisanu, n'kuwonjezerapo diclofenac wogula kwina. Masaya anadzaza, nkhope inabulungira, kumbuyo kwa khosi kunamera kalinunda ka mafuta. Ku banki m'khonde anzawo ankawanyadira.

"Mwanenepatu, amayi! Utelala ukukuyanjani, tibwerekeniko nzeru."

Iwo ankangoseka. Kwathu kuno kunenepa timakuwerengera ku mtendere, choncho palibe anaona kuti nkhope ndi mimba zikukula pamene mikono ndi miyendo zikuonda. Palibe analumikiza kunenepako ndi ludzu losatha, kudzuka pafupipafupi usiku kukataya madzi, kabala ka singano kotenga masabata kuti kapole, kapena msana umene unayamba kuwawa atangotula ndowa ya madzi. Ululu wa m'zala unali utachepa ndithu, koma nthenda inkagwirabe ntchito yake ngati chiswe mu mtanda wa denga, kunja kosalala m'kati mukutha. Zala zinayamba kupendekera kumbali ya kachala kakang'ono, sizasi n'kumapulumuka m'manja.

Patatha zaka ziwiri mnyamata wa pa lona anasamuka osatsanzika. Mapiritsi atatha, mayi telala anati apirira mpaka msika wotsatira. Tsiku lachiwiri anafooka, lachitatu anayamba kusanza ndi kumva chizungulire, lachinayi anakomoka pakhomo. Anathamangira nawo ku chipatala cha boma pa galimoto ya matola, BP itatsikiratu.

Anawapulumutsa ndi mwana wawo wamkazi wa Fomu 3. Potuluka m'nyumba anatola kapaketi kotha ka mapiritsi aja pawindo. Dokotala atawerenga dzina, anayang'ana nkhope ya wodwalayo, anatembenuza manja onse awiri, n'kufunsa mtsikanayo:

"Amayi ako akhala akumwa amenewa kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Chiyambire ndili Fomu 1, adokotala. Atha Lolemba."

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kopanga cortisol, amene amathandiza thupi kusunga BP ndi shuga pa mlingo wake, makamaka munthu akadwala. Munthu akamamwa prednisolone tsiku ndi tsiku kupitirira masabata atatu kapena anayi, tiziwalo timeneti timachepetsa ntchito poona kuti cortisol wakwana kale. Akasiya mwadzidzidzi thupi limatsala lopanda wa m'mapiritsi, lopandanso wake, ndipo imfa imakhala pafupi. Ndiye chifukwa chake usiku umenewo anawabaya jekeseni ya gulu lomwelo la mankhwala n'kuwaika diripi. Atatsitsimuka, anayamba kuwatsitsira mlingo pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo kuti tiziwalo tija tidzuke.

Atawatumiza ku chipatala chachikulu, nthenda yawo inadziwika kwa nthawi yoyamba, patatha zaka ziwiri ndi theka chiyambire. Nyamakazi zilipo za mitundumitundu. Ilipo ya kutha kwa mfundo chifukwa cha ukalamba ndi ntchito yolemetsa, yokonda mawondo ndi chiuno. Ilipo gout, yodzutsa abambo pakati pa usiku chala chachikulu cha kuphazi chitatupa. Ya mayi telala inali rheumatoid arthritis. Pa nthenda imeneyi chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi kachikopa kokuta m'kati mwa mfundo, mpaka kudya chicherewecherewe ndi fupa lomwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2019 anthu pafupifupi 18 miliyoni anali ndi nthendayi, ndipo 70 mwa 100 alionse anali akazi. Si ya okalamba okha, ndipo siichokera kwa mnansi wanjiru.

Dokotala wa kumeneko sanawabisire. "Amayi, nthenda iyi siitheratu, koma imagonja ikagwidwa msanga, makamaka m'miyezi yoyambirira. Kutupaku tikuthetsa. Mfundo zimene zapindika kalezi sizidzawongokanso."

Anawayeza magazi, chiwindi, impso, HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, anawajambulanso pachifuwa, kenako anawayambitsa methotrexate. Mankhwala amenewa ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, ndipo kwa odwala ambiri padziko lonse ndi amene amayambira kuti nthendayi ileke kuwononga mfundo. Namwino anawakhazika pansi pamodzi ndi mwana wawo n'kuwauza malamulo ake mmodzimmodzi. Amamwedwa kamodzi pa sabata, tsiku limodzi lomwelo, chifukwa anthu afapo pomwa tsiku ndi tsiku. Amayenda ndi folic acid wochepetsa zovuta zake. Samwedwa ndi mayi woyembekezera kapena wofuna kutenga pathupi posachedwa, chifukwa amavulaza mwana. Sagwirizana ndi mowa. Sagwirizananso ndi Bactrim, amene anthu ambiri omwa ma ARV amalandira, choncho aliyense wowalembera mankhwala ayenera kuuzidwa. Magazi ayenera kuyezedwa pafupipafupi. Ndipo sachita changu: pamapita masabata 6 mpaka 12 munthu asanaone kusintha.

Chomalizachi ndi chimene chinawavuta kwambiri mayi amene anazolowera chozizwitsa cha masiku awiri. Mlamu uja anabweranso kudzanena kuti za kuchipatalazi n'zozizira, iye wapeza kwina kogula toyera tija. Anamuyankha ndi mwana wa sukulu uja: "Ankolo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Toyera tanuto tinatsala pang'ono kutisiya amasiye."

Pakutha pa miyezi itatu kuuma kwa m'mawa kunali kwa mphindi zochepa. Lero mayi telala amadziveka okha, amaphika, amapalasa makina. Koma sizasi sathanso kuigwira, amawadulira nsalu ndi mwana wawo akaweruka ku sukulu. Shuga amene anabwera ndi mapiritsi aja sanachoke, ndipo fupa limodzi la msana linaphwanyika chifukwa cha kufooka kwa mafupa, moti ndowa ya madzi sadzasenzanso. Makasitomala ena anawolokera kutsidya kwa msewu, kwa telala amene ankamuganizira ufiti uja.

Nkhaniyi ilibe mfiti, koma ili ndi malo angapo pamene munthu mmodzi akanatha kusintha zonse.

Poyamba ndi inu wodwala. "Thupi likuphwanya" ndi mawu amene wolembera mankhwala amamva kambirimbiri pa tsiku, ndipo yankho lake ndi panado. Tulutsani manja muwaonetse. Nenani mfundo zimene zatupa, ngati zatupa mbali zonse ziwiri, kutalika kwa nthawi imene mumauma m'mawa, ndi sabata imene zinayamba. Mfundo zingapo zikatupa kupitirira masabata 6, ndipo kuuma kwa m'mawa kukamadutsa theka la ola, pemphani mwaulemu kuti akutumizeni ku chipatala cha boma kapena chachikulu. Zina sizidikira n'komwe masabata. Mfundo imodzi yotupa, yotentha, thupi likutenthanso, ikhoza kukhala ndi mafinya ndipo imawonongeka m'masiku ochepa. Mwana amene anadwala zilonda za pakhosi kenako n'kumamva ululu woyendayenda m'mawondo ndi m'zigongono afunika kuonedwa msanga, chifukwa nthenda imeneyo imakaluma mtima.

Kwa achibale ndi anzathu a ku mpingo ndi ku banki m'khonde: musagawane mapiritsi opanda dzina. Prednisolone ndi mankhwala abwino m'manja mwa dokotala, ndipo amayenera kugulidwa ndi chikalata cha dokotala m'malo ovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Pa lona palibe amene angakuuzeni kuti kuphatikiza prednisolone ndi bulufeni kapena diclofenac kumaboola zilonda m'mimba, kuti chimbudzi chakuda bii ndi magazi, kapena kuti mankhwalawa amafooketsa chitetezo mpaka TB kupeza polowera. Samalaninso ndi mankhwala a m'mabotolo opanda chizindikiro amene amathetsa ululu usiku umodzi, chifukwa ena apezekapo atasakanizidwa ndi steroid mobisa. Wodwala wa nyamakazi akanenepa nkhope mwadzidzidzi, musanamuyamikire mufunseni chimene akumwa.

Kwa ogwira ntchito m'zipatala, tikudziwa kuti mzere ndi wautali ndipo akatswiri a matenda a mfundo ndi ochepa kwambiri m'dera lathu lino la Africa. Komabe chisamaliro chabwino cha nthendayi chimayambira pa zinthu zosafuna makina: kutsegula masamba a m'mbuyo m'buku la wodwala, kuona kuti wabwera kangapo ndi dandaulo lomwelo, kugwira mfundo za zala, kufunsa za m'mawa, ndi kufunsa zimene akugula yekha. Mukalemba prednisolone, lembaninso tsiku lochepetsa ndi tsiku losiya. Mukalemba methotrexate, lembani dzina la tsiku la sabata m'zilembo zikuluzikulu, ndipo wodwala abwereze pakamwa pake musanamulole kutuluka.

Ndipo ngati mukuwerenga izi muli ndi timapiritsi toyera timene mwakhala mukumwa kwa miyezi popanda dokotala, nkhaniyi isakuchititseni kutitaya m'chimbudzi lero. Kusiya mwadzidzidzi ndi kumene kunagwetsa mayi telala pakhomo. Pitirizani kumwa monga mwa masiku onse, nyamulani paketi yake ndi buku lanu, mupite ku chipatala sabata ino, mukanene zoona za kuchuluka kwake ndi pamene munayambira.