Phunziro la Dimba: Chilumba Chikatsekedwa Tidya Chiyani?

Tonse tikudziwa kuti kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a Makanjira amatseka chilumba cha Mbenji mu Disembala, n'kudzatsegula dzinja likatha, kuti utaka uswane. Lamuloli ndi labwino, nsomba zathu zikuchitira umboni. Koma miyezi imeneyo ku Chikombe kumakhala zii, ndipo anyamata ambiri amalowa m'katapila, chonsecho riba ndi haramu. N'chifukwa chake lero tikambe za tomato.

Vuto lathu ndi lodzala tonse pamodzi. Timafesa m'chisanu, ndiye pofika Ogasiti ndi Seputembala tomato ali mbwee pa Khombedza ndi pa Kamuzu Road, mavenda n'kumatchula okha mtengo. Ife zinatichitikira: madengu asanu anaolera pakhonde, ena tinangopatsa ana a ku madrasa. Tomato wa ndalama ndi wa dzinja, amene amapsa chilumba chili chotseka.

Koma wa dzinjayu safuna ulesi. Dimba la m'dambo limasefukira, choncho sankhani malo okwererapo ndipo mabedi akhale otukuka. Fesani pa nazale chakumapeto kwa Okutobala, muike kamthunzi ka udzu poti dzuwa la kuno si lamasewera. Pakatha masabata anayi wokerani madzulo, Asr ikatha, motalikirana masentimita 60. Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani pang'onopang'ono masabata awiri alionse kuti zisadzapsere limodzi. Chomera chilichonse chikhale ndi kamtengo kake, masamba a m'munsi muzithothola. Akamakhudza dothi lonyowa, chiwawu chimalowa, ndipo sabata imodzi munda wapita. Pamene munali tomato chaka chatha pasabwerenso tomato kapena mabiringanya. Ikanipo mpiru, chayinizi kapena anyezi.

Pali kambozi kaja alangizi amakatcha Tuta absoluta, kamene kamayenda m'kati mwa tsamba n'kuboola chipatso. Tomato woboola mukwirireni, osangomuponya m'mphepete mwa munda. Ndipo mukapopera mankhwala, dikirani masiku olembedwa pabotolo musanathyole. Kupopera lero n'kugulitsa mawa ndi kudyetsa poizoni mwana wa mnzako. Chimodzimodzi kuika wokongola pamwamba, wophwanyika pansi pa dengu. Mtumiki (SAW) anadzudzula wamalonda amene anabisa chakudya chonyowa pansi pa mulu, ndiye ife tingayankhe chiyani?

Ena afunsa za sitiroberi amene amaona akugulitsidwa pa phiri la Zomba. Abale, chipatso chija chimakonda kozizira, kuno kunyanja musatayirepo ndalama. Mabulosi ndiwo amatha kupirira. Bayirani nthambi m'malire a munda mvula ikayamba.

Musanagule mbewu, kayambeni mwafunsa kumalo ogona alendo ku Senga Bay kuti amafuna ndiwo zanji komanso tsiku liti. Amene ali ndi mafunso tikumane pamzikiti Jumu'ah ikatha, tikaonere limodzi nazale, insha Allah.