Ana Aphunzire Kupeka Nkhani Zawo

Mwana wa ku Nsaru kapena ku Kabudula akafika m'Sitandade 3 amakhala atapeka kale nkhani zambiri, ngakhale sadalembepo ndi imodzi yomwe. Madzulo, nsima itadyedwa, iye amayamba kuti "Padangotero," anzake nayankha kuti "Tili tonse," ndipo Kalulu amapusitsa Fisi mwa njira ina imene agogo sadaitchulepo. Koma mwana yemweyo akampatsa pensulo m'mawa mwake, dzanja limauma. Chamuopsa nchiyani? Kawirikawiri ndi cholembera chofiira cha mphunzitsi.

Pamenepa pali phunziro kwa makolo ndi akatekisi. Kulemba malembo molongosoka ndi ntchito ina, kupeka ndi ntchito inanso, ndipo wofuna zonse ziwiri tsiku limodzi amapha yachiwiriyo. Mwana akabwera ndi mizere isanu yosimba za ngolo ya atate ake imene idatitimira m'matope potuta fodya, wamkulu ayambe wafunsa kuti, "Nanga ng'ombe zidatani, mwanawe?" Zolakwa za malembo zidikire mawa. Mwana wofunsidwa chotero amabwerera ku kope lake mwachangu, popeza waona kuti alipo wofuna kumva mathero ake.

Akatekisi ali ndi mwayi woposa, pakuti Mthenga Wabwino udasiya makomo ambiri otsekuka. Yohane Woyera, pa mutu 6, akutchula mnyamata amene adali ndi mikate isanu ndi nsomba ziwiri, koma sanena zimene mnyamatayo adakauza amayi ake atafika kwawo. Luka Woyera, pa mutu 15, akuleka fanizo la mwana wolowerera mkulu wake akali panja, osanena ngati adalowa ku phwando. Ana alembe zimenezo monga akuganizira. Katekisi angowakumbutsa kuti chopeka chawo si Malembo Oyera. Ana sasokoneza ziwirizi monga akulu ena amaopera. Wolemba za mnyamata uja sangaiwalenso chozizwitsa cha mikate, ndipo ichi sichichitika nthawi zonse kwa woloweza mayankho pamtima.

Ena amati nkhani za kumudzi sizoyenera pepala. Awa akumbukire Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma. Sadali wa Eklezia Katolika, koma chitsanzo chake nchabwino. Iye adalemba m'Chinyanja za moyo wa Mchewa wa kumudzi, kuyambira kubadwa kwake, ndipo adapata mphotho pa mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Afrika. Buku lakelo, Nthondo, lidasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 lidatuluka m'Chingerezi, atalimasulira T. Cullen Young. Zimene adalemba Nthara ndi zomwezo zimene mwana wa ku Mpingu amaona tsiku ndi tsiku: bwalo la milandu, maliro, munda, kuchikuta.

Mapepala ndi osowa, nzoona, ndipo makope ndi okwera mtengo. Komabe masamba awiri akumapeto kwa kope la masamu akwanira nthano imodzi. Wamng'ono amene sadadziwe kulemba anene pakamwa, mkulu wake alembe mawu ake osasintha kanthu, kenaka amwerengere. Pa msonkhano wa mphakati, mapemphero atatha, mwana mmodzi aimirire nawerenge chimene walemba sabata imeneyo, ndipo wapampando asankhiretu amene adzawerenge sabata yamawa.