PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MUNTHU AMENE ANAKANA KUBISALA

Abale a ku Lupaso ndi a midzi yonse yozinga Mzuzu, phunziro lathu liri la munthu wa dziko lathu lomwe lino, dzina lace Overstone Kondowe.

1. Kubadwa kwace. Munthuyu anabadwa ndi khungu la cialubino. Khungu lotere licokera kwa atate ndi amai onse awiri, angakhale eni acewo ali akuda; si temberero ai. Koma liri nazo zowawa zace, pakuti maso saona bwino patali, ndipo dzuwa litentha thupi kufikira kubala zironda za khansa.

2. Masiku a mantha. Kuyambira caka ca 2014 anthu oipa anacuruka kusaka abale athu otere monga nyama, poyesa kuti mafupa ao apatsa cuma. Limenelo ndi bodza la asing'anga onyenga. Ana anabedwa usiku, manda anafukulidwa, ndipo amai ena analetsa ana ao ku sukulu. M'caka ca 2016 mthenga wa United Nations, Ikponwosa Ero, anafika kuno, nacenjeza kuti anthuwa angathe psiti.

3. Cimene anacita. Pa masiku otere ambiri akadamlangiza kuti, Khala m'nyumba, tseka citseko. Koma Kondowe anatsogolera APAM, ndilo bungwe la anthu a khungu lotere, naima poyera, nadzudzula akulu a Boma pa kucedwa kwa milandu. Thupi lomwelo limene adani analikulisaka, iye analionetsa kwa onse. M'caka ca 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anamuika akhale mlangizi wace. Ndipo mu October 2021 anthu a Nkhotakota North East anamsankha phungu wao. Ndiye woyamba wa khungu lotere kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya Malawi.

Ku America kunalinso wina, Franklin Roosevelt, amene anapuwala miyendo mu 1921, koma analamulira dziko lace kuyambira 1933 kufikira 1945.

4. Tiphunzirapo ciani? Taonani, Kondowe sanadzisankha yekha. Anamsankha ndi alimi ndi asodzi amene anayesa mau ace, osati khungu lace. Powerenga anthu mu 2018 anapeza abale otere oposa 134,000, ndipo ena a iwo ali pakati pathu. Akulu anati, Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Cifukwa cace mphunzitsi amkhazike mwana wotere patsogolo, kuti aone zolembedwa. Makolo amveke cipewa ndi malaya a manja atali. Ndipo ife tonse tileke maina onyoza, timperekeze panjira kukada.

Mafunso.
(a) Khungu la cialubino licokera kuti?
(b) Kondowe akadabisala, ndani akadawalankhulira anzace?
(c) M'mudzi mwanu, mwana wotere ayenda ndi yani popita ku sukulu?